Anyamata olowa usilikali ndi mankhwala ozunguza bongo: kuyeza kumaona chiyani, nanga kumaphonya chiyani?

Kuyambira mu Julayi 2024, mnyamata aliyense wolowa usilikali ku South Korea amayezedwa ngati m'thupi mwake muli mankhwala ozunguza bongo. Kale ankayeza okhawo amene aulula okha kapena amene dokotala wawakayikira. Koma mu 2022, gulu la asilikali a m'mlengalenga la dziko la America linachita zooneka ngati zosemphana ndi zimenezi: linayamba kulola wofunsira ntchito amene wapezeka ndi chamba m'thupi kuti adikire masiku 90 n'kudzayezedwanso, m'malo momutsekera khomo mpaka kalekale. Wina akumangitsa, wina akumasula. Munthu akamva nkhani ziwirizi atha kufunsa kuti kodi walondola ndani.

Tisanafike kumeneko, pali zinthu zitatu zimene timakonda kuzisakaniza: kulawa mankhwala, kukodwa nawo, ndi kupezeka nawo mumkodzo. Mnyamata atha kupezeka nawo asanakodwe, ndipo wina wokodwa kotheratu atha kudutsa pachipata ngati sanalaweko n'komwe. Apa ndiye pagona nkhani.

Mankhwala ake ndi ati?

Tikapatula mowa ndi fodya, chofala kwambiri pakati pa achinyamata padziko lonse ndi chamba. Mphamvu yake imachokera ku kanthu kotchedwa THC, kamene kamachedwetsa maganizo, kamaiwalitsa zimene wangouzidwa kumene, ndipo kamachititsa kuti maso ndi manja asamvane msanga.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala othamangitsa thupi, monga cocaine, amphetamine ndi methamphetamine. Awa amachotsa tulo ndi njala, amathamangitsa mtima, ndipo munthu amadziona ngati palibe chomugonjetsa. Lachitatu ndi la opha ululu amphamvu otchedwa opioid, mmene muli heroin, morphine, codeine, tramadol ndi fentanyl. Ambiri mwa amenewa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, ndipo alipo anthu amene anakodwa nawo atayambira pa bondo lopweteka kapena msana. Akachuluka m'thupi amachedwetsa kupuma mpaka munthu kutsirizika ali mtulo.

Pali mitundu ina iwiri imene imaiwalika, chonsecho imakhudza kwambiri anyamata okonzekera usilikali. Ma steroid okuza minofu sazunguza mutu ngati chamba, koma mnyamata woopa kulephera mayeso othamanga ndi kunyamula zolemera amakopeka nawo, osadziwa kuti akuika chiwindi ndi mtima pachiswe. Kenako pali chamba chopangidwa m'labotale, chodziwika ndi mayina ngati Spice ndi K2. Chimenechi chinatchuka pakati pa asilikali chifukwa poyamba makina oyezera sankachiona, mpaka asilikali a America anachiika pa mndandanda wa zoyeza mu 2013.

N'chifukwa chiyani vutoli limakhudza kwambiri msinkhu umenewu?

Magulu ankhondo amalemba makamaka anthu a zaka zapakati pa 18 ndi 25, ndipo uwu ndi msinkhu umene munthu amayesa zinthu kwambiri pa moyo wake wonse. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imamaliza kukhwima cha m'ma 25. Mbali yolakalaka zosangalatsa ndi kutamandidwa ndi anzako imakhala itakhwima kale. Mnyamata wa zaka 19 amadziwa bwinobwino kuopsa kwa zimene akuchita, koma anzake akakhalapo, chikoka chimaposa mantha. Ndipo kulimba mtima kumene asilikali amakufuna mwa iye, kosaopa kudumpha kapena kulowa pamene ena akuthawa, kawirikawiri kumayenda limodzi ndi mtima woyesa zoletsedwa. Wolemba asilikali ndi wogulitsa mankhwala amafuna mnyamata mmodzi yemweyo.

Kafukufuku wa unduna wa zachitetezo ku America wa chaka cha 2020 anapeza kuti achinyamata 77 pa 100 alionse a zaka 17 mpaka 24 sangalowe usilikali popanda chilolezo chapadera. Ambiri amalephera pa zifukwa zingapo nthawi imodzi, monga kunenepa kwambiri ndi matenda, koma 8 pa 100 alionse amalephera chifukwa cha mankhwala ndi mowa pazokha.

Nkhaniyi imasinthanso malinga ndi mmene dziko limapezera asilikali. Kumene usilikali ndi ntchito yofunsira, mnyamata amabisa kuti alowe. Kumene ndi lamulo kuti mwamuna aliyense alowe, boma limagwira njakata ina, chifukwa likangoti wopezeka ndi mankhwala abwerere kwawo, ena atha kusuta dala kuti azembe. Ku South Korea, kumene usilikali ndi lamulo kwa amuna, dzina la wopezeka nawo limaperekedwa kupolisi.

Mmene kuyeza kumayendera

Njira yofala ndi yoyeza mkodzo. Mnyamata amapatsidwa kabotolo kapulasitiki, amaonetsetsa kuti nambala yolembedwapo ndi yake, kenako amalowa m'chimbudzi limodzi ndi munthu wina amene ntchito yake ndi kuona ndi maso mkodzo ukulowa m'kabotolomo. N'zochititsa manyazi ndithu, koma anazikhazikitsa chifukwa anthu ankabwera ndi mkodzo wa anzawo. Kabotoloko kamamatidwa mwini wake akuona, iye amasaina, ndipo aliyense amene angakagwire kuchokera pamenepo mpaka ku labotale amasainanso. Ndandanda wa osainawo ndi wofunika ngati kuyeza kwenikweniko, popeza ukaduka penapake palibe angalumbire kuti mkodzowo ndi wa uje.

Ku labotale amayeza kawiri. Kuyeza koyamba n'kwachangu, kongosefa, ndipo kumatha kulakwitsa. Mankhwala ena a chimfine, mwachitsanzo, amatha kuoneka ngati amphetamine. Mkodzo umene waonetsa chizindikiro umapita pa makina ena ogwiritsa ntchito njira yotchedwa mass spectrometry, imene imazindikira chilichonse chimene chili mumkodzomo pachokhapachokha ndi kuchuluka kwake. Mankhwala alionse ali ndi mlingo woikika, ndipo amene zake zili pansi pa mlingowo amawerengedwa kuti alibe. N'chifukwa chake kungodutsa pamene ena akusuta sikukwanira kuti munthu agwidwe. Komabe ngakhale makina abwino ali ndi malire. Mu Febuluwale 2023 unduna wa zachitetezo ku America unachenjeza asilikali ake kuti apewe kudya njere za poppy, zimene zimawazidwa pa buledi, chifukwa zina zinkachititsa kuti munthu aoneke ngati wamwa codeine.

Tsono pali mfundo imene ambiri saidziwa. Chimene amachipeza mumkodzo kawirikawiri ndi zotsalira za mankhwala thupi litawagaya, ndipo zotsalirazi sizikhalitsa mofanana. Mowa umatha m'maola ochepa. Cocaine, heroin ndi amphetamine amatha m'masiku ochepa, nthawi zambiri osapitirira anayi. Chamba ndiye china. THC amalowerera m'mafuta a m'thupi n'kumatuluka pang'onopang'ono, ngati fungo la utsi m'bulangete limene limamvekabe moto utazima kalekale. Wosuta kamodzi amayera pakatha masiku atatu kapena kupitirira pang'ono, koma wosuta tsiku ndi tsiku atha kupezekabe nacho patatha mwezi wathunthu. Kuyeza tsitsi kumaona kutali, pafupifupi miyezi itatu, koma magulu ankhondo ambiri amadalirabe mkodzo.

Taganizirani anyamata atatu ali pa mzere umodzi tsiku loyezedwa. Woyamba ankasuta chamba tsiku lililonse, koma anasiya masabata atatu apitawo, atatsimikiza mtima kusintha moyo. Wachiwiri amanunkhiza cocaine Loweruka lililonse, ndipo wangodumphitsa sabata imodzi chifukwa amadziwa tsiku loyezedwa. Wachitatu amamwa mowa mpaka osadziwa kumene wagona. Amene agwidwe ndi woyambayo. Makinawo sananame. Amayankha funso limodzi lokha, loti kodi chinthu chakutichakuti chalowa m'thupi muno posachedwapa. Sanena ngati munthuyo ndi wokodwa, ngati anali woledzera pa ola limenelo, kapena ngati adzakhale msilikali wodalirika.

Pachifukwa ichi, olemba asilikali amafunsanso mafunso, pa fomu ndi pamaso pa dokotala. Apa anyamata ambiri amadzipweteka okha. Magulu ambiri amatha kukhululukira munthu amene analawapo kale n'kusiya, koma kunama polowa ndi mlandu pawokha, ndipo ukadzaululika patsogolo, mwina pofufuza mbiri ya munthu asanapatsidwe ntchito yosunga zinsinsi, umawononga kuposa chimene anabisacho.

Masabata oyamba a maphunziro

Mbali iyi siikambidwa kwambiri, komatu ndi pamene pamatayika miyoyo. Kukodwa ndi mankhwala kumatanthauza kuti ubongo wazolowera kugwira ntchito mankhwalawo alimo, moti akasowa thupi limasokonekera. Maphunziro a usilikali amamudula munthu mwadzidzidzi: satuluka pampanda, katundu wake amasechedwa, tulo ndi tochepa, thupi likugwira ntchito imene silinaigwirepo.

Amene ankasuta chamba tsiku ndi tsiku amayamba kumva chibaba pakatha tsiku limodzi kapena atatu. Tulo sitibwera, chakudya sichilowa, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, amalota maloto oopsa. Zimafika poipa m'sabata yoyamba ndipo zimachepa pakatha masabata awiri kapena kuposerapo. Mphunzitsi wosadziwa amangoona mwano kapena ulesi, n'kuwonjezera chilango. Wokodwa ndi opioid amatsegula m'mimba, amasanza, amatuluka thukuta lozizira, mafupa onse akuwawa. Koma choopsa kuposa zonse ndi kusiya mwadzidzidzi mowa wambiri kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Pakatha maola angapo kapena masiku ochepa munthu atha kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Ameneyu amafunika dokotala, ndipo kumuuza kuti alimbe mtima ngati mwamuna n'kumupha.

Amene amamwa mankhwala othamangitsa thupi kuti apirire kuthamanga amakumana ndi ngozi ina. Mankhwalawa amatenthetsa thupi ndipo amabisa kutopa, ndiye munthu amapitirira malire amene thupi likanamuletsa. Kutentha kwa thupi kukadutsa madigiri 40, ubongo umayamba kusokonekera. Minofu nayo imatha kuphwanyika mkati n'kutulutsa zinthu zimene zimatseka impso, ndipo chizindikiro chake ndi mkodzo wakuda bii. Ngakhale magulu apamwamba sanapulumuke ku vuto la mankhwala olimbitsa thupi: mnyamata wina atamwalira pa maphunziro a Navy SEAL, gulu lapadera la asilikali apamadzi a America, mu 2022, kafukufuku anaonetsa kuti ena mwa ophunzira ankagwiritsa ntchito mankhwala oterewa, ndipo mu 2023 gululi linayamba kuyeza ma steroid mwadzidzidzi.

Ngozi yomaliza imadikira tsiku lotuluka. Munthu akakhala miyezi osagwiritsa ntchito opioid, thupi limaiwala kuwapirira. Akapita kutchuthi choyamba n'kumwa mlingo umene ankamwa kale, mlingo womwewo utha kumuimitsa kupuma. Masiku ano zafika poipa chifukwa fentanyl, amene ndi wamphamvu kuposa heroin kuwirikiza pafupifupi ka 50, amasakanizidwa m'mapiritsi abodza ndi mu cocaine wogula asakudziwa. Pakati pa 2017 ndi 2021, asilikali a America 332 anafa chifukwa cha mankhwala opitirira muyeso.

Malamulo okhwimawa anachokera kuti?

Usiku wa pa 26 Meyi 1981, ndege yankhondo inaphonya potera pa sitima yankhondo ya America yonyamula ndege yotchedwa USS Nimitz n'kuwomba ndege zina zimene zinali pamwamba pa sitimayo. Anthu 14 anafa, ndipo poyeza mitembo, 6 anapezeka ndi zotsalira za chamba. Sizinatsimikizike kuti chamba ndicho chinachititsa ngoziyo, koma nkhaniyo inagwedeza dziko, ndipo kuchokera pamenepo asilikali a America anayamba kuyezedwa mwadzidzidzi, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Mu 1980, pafupifupi asilikali 28 pa 100 alionse anavomera kuti agwiritsapo ntchito mankhwala oletsedwa m'mwezi wapitawo. Pofika 1998, chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pansi pa 3. Ziwerengerozi n'zochokera pakamwa pa asilikali eniake, ndipo munthu woopa kuchotsedwa ntchito saulula zonse, komabe kutsikako n'kwakukulu moti sitingakukane. Asilikali apamtunda a ku Britain anayamba kuyeza mokakamiza mu 1995.

Mphamvu ya njirayi ili pa kusadziwa tsiku. Pachipata mnyamata amadziwa kuti ayezedwa liti ndipo atha kukonzekera, pamene mkati dzina lake litha kutuluka m'mawa uliwonse. Zifukwa zokhwimitsira zinthu n'zomveka kwa aliyense: munthuyu wanyamula mfuti yodzaza zipolopolo, amalondera anzake ali mtulo, amayendetsa galimoto yodzaza anthu. Ndipo msilikali amene ali ndi ngongole kwa wogulitsa mankhwala ali ndi bwana wachiwiri, amene tsiku lina atha kufuna kulipidwa ndi zipolopolo kapena zinsinsi.

Chimene kuyezaku sikunathetse ndi mowa. Kafukufuku wa m'zaka zaposachedwapa pakati pa asilikali a America amaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amamwa mopitirira muyeso pa nthawi imodzi, kamodzi kapena kuposerapo pa mwezi.

Zimene zinaoneka ku Vietnam

Pali kafukufuku mmodzi amene aliyense wofuna kumvetsa nkhaniyi ayenera kumudziwa. Mu 1971 kunamveka kuti asilikali ambiri a America amene ankamenya nkhondo ku Vietnam akugwiritsa ntchito heroin, amene kumeneko anali wotchipa, wamphamvu ndi wosavuta kupeza. Boma la Pulezidenti Richard Nixon linalamula kuti msilikali aliyense ayezedwe mkodzo asanakwere ndege yobwerera kwawo. Anthu ankaopa kuti dziko lidzaza ndi amuna okodwa.

Katswiri wina, mayi Lee Robins wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis, anatsatira amuna amene anabwerera mu Sepitembala 1971. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu analawapo heroin ali ku Vietnam, ndipo mmodzi mwa asanu ananena kuti anakodwa. Chodabwitsa chinali chakuti mwa okodwawo, pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndi amene anakodwanso m'chaka choyamba atafika kwawo, ndipo m'zaka zitatu anali pafupifupi 12 pa 100 alionse. Ambiri atachoka pamalo a mantha, kusungulumwa ndi heroin wopezeka paliponse, anasiya.

Kafukufukuyu anaonetsanso china chimene chikukhudza mwachindunji anyamata olowa kumene. Amene anali pangozi yaikulu yogwiritsa ntchito mankhwala ku Vietnam, ndi kupitiriza atabwerera, anali amene anayamba kale asanalowe usilikali, makamaka amene analinso ndi mbiri ya kumangidwa kapena kusiya sukulu. Choncho mbali zonse ziwiri za mkangano wa lero zimapezamo mfundo. Malo amatha kumusintha munthu kwambiri, ndipo mbiri imene walowa nayo imamutsatira.

Pamene asilikali eniake apereka mankhwala

Sichingakhale chilungamo kusatchula kuti magulu ankhondo nawo akhala akupereka mankhwala kwa anyamata awo. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pakati pa Epulo ndi Julayi 1940, asilikali a Germany analandira mapiritsi oposa 35 miliyoni a methamphetamine, ambiri odziwika ndi dzina loti Pervitin, kuti ayende usana ndi usiku osagona. Britain ndi America ankapereka amphetamine wotchedwa Benzedrine. Mu Epulo 2002, ndege ya America inaponya bomba molakwitsa pa asilikali a Canada pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan n'kupha anayi, ndipo maloya a oyendetsa ndege anadandaula za mapiritsi ochotsa tulo amene anapatsidwa pantchito, ngakhale akuluakulu awo anakana kuti ndiwo anachititsa. Pa nkhondo zapachiweniweni za ku Liberia ndi Sierra Leone, ana ogwidwa kuti amenye nkhondo ankapatsidwa mankhwala mokakamiza kuti asaope kupha. Ana amenewa sanasankhe chilichonse, ndipo nkhani yawo sitingaiyeze ndi muyeso wa mnyamata wolowa yekha.

Kutseka khomo kapena kupereka mwayi wachiwiri

Okonda malamulo okhwima amati lamulo losavuta kumva ndilo limagwira ntchito. Aliyense akadziwa kuti kupezeka nawo ndi kuchotsedwa, ambiri salawa n'komwe. Amanenanso kuti kuphunzitsa msilikali kumadya ndalama zambiri, ndipo wolowa ndi chizolowezi ali pangozi yaikulu yosiyira panjira. Kwa iwo, munthu amene walephera kudziletsa ngakhale akudziwa tsiku loyezedwa waonetsa kale khalidwe lake.

Enawo amati mkodzo wa tsiku limodzi sungaweruze moyo wonse wa mnyamata wa zaka 18, makamaka poti kuyezako kumagwira wosuta chamba mosavuta kuposa wogwiritsa ntchito mankhwala oopsa kwambiri. Amaonjezera kuti kwa anyamata ena usilikali ndiwo mpata wokhawo wochoka pakati pa anzawo amene amawakokera pansi, ndipo mantha a chilango amachititsa odwala kubisala mpaka zinthu zitafika poipa. Kusowa kwa anthu ofuna kulowa usilikali m'mayiko ena kwawonjezera mphamvu ku maganizo amenewa.

Mayiko asankha mosiyana. Ku America chamba n'choletsedwabe kwa msilikali aliyense, ngakhale akhale m'dera limene anthu wamba amaloledwa kusuta. Canada, italoleza chamba mu Okutobala 2018, inasankha kuwerenga maola: msilikali asasute maola 8 asanayambe ntchito, maola 24 asanagwire mfuti kapena kuyendetsa galimoto yantchito, ndi masiku 28 asanagwire ntchito zina zoopsa monga za m'ndege ndi m'sitima zoyenda pansi pa madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene mnyamata wolowa ndi makolo ake ayenera kufunsa msanga: kodi gululo limatani ndi munthu amene wadziulula yekha? Ena amasiyanitsa wogwidwa ndi wobwera yekha kudzapempha thandizo. Asilikali apamtunda a America, mwachitsanzo, ali ndi lamulo lotchedwa Limited Use Policy. Silitsimikiza kuti ntchito ipitirira, pakuti munthu atha kuchotsedwabe, koma amalandira chithandizo ndipo zimene waulula sizigwiritsidwa ntchito pomuimba mlandu kukhoti la asilikali. Chitetezo chimenechi chimagwira ntchito ngati wadziulula asanauzidwe kuti akapereke mkodzo.